Kudzisinthira oyilo wa galimoto zaka zikapita

Munthu amene wakhala akudzisinthira yekha oyilo kwa zaka 30 kapena 40 sataya lusolo chifukwa choti imvi zadzaza m'mutu. Dzanja limapezabe bawuti ya sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, maso asanaione. Chimene chimasintha ndi thupi logwira ntchitoyo. Mawondo amakana kugwada, msana umadandaula pa simenti, ndipo kudzuka pansi, kumene kale simunkakuwerengera n'komwe, kumasanduka ntchito payokha. Apa m'pamene ana ndi adzukulu amayamba kunena kuti, "Agogo, ingosiyani, muzipita nayo kugalaja." Amanena mwachikondi, ndipo nthawi zina amakhala akulondola. Koma ine ndimaona kuti funso loti musiye kapena mupitirize limaphimba zambiri. Kusintha oyilo ndi tintchito tingapo tolumikizana, ndipo timene tingavulaze munthu wachikulire ndi towerengeka. Mukatizindikira mungathe kutizemba, kutipeputsa ndi zida, kapena kupatsa wina, zotsalazo n'kumachita nokha monga kale.

Tiyambe ndi oyiloyo, chifukwa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri opuma pantchito. Oyilo amakhala pakati pa zitsulo zimene zikuzungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi, amachotsako kutentha, amanyamula mwaye ndi tizidutswa tachitsulo kukazisiya mu fyuluta, ndiponso amatchinga dzimbiri. Tsono petulo akamapsa amatulutsa madzi, pafupifupi lita imodzi pa lita iliyonse ya petulo. Ambiri amatuluka ngati nthunzi ku ekizozi, koma ena amazembera m'mbali mwa mapisitoni n'kutsikira mu sampu pamodzi ndi petulo wosapsa. Injini ikatentha bwino, oyilo n'kufika madigiri 90 kapena 100 kwa nthawi yotalikirapo, madziwo amauma okha. Koma galimoto ya munthu wachikulire kawirikawiri imayenda maulendo aafupi, makilomita 3 kupita, 3 kubwerera, kenako n'kuima masiku awiri. Oyilo satentha mokwanira, madzi ndi petulo zimatsalira, asidi amapangika, ndipo pamapeto pake mumapeza matope akuda m'kati mwa injini imene sinayende mtunda uliwonse. Mukatsegula chotsekera pothirira oyilo n'kuona phala loyererako kunsi kwake, nthawi zambiri ndi chinyezi chimenechi, ngakhale kuti lingathenso kusonyeza kuti madzi a mu rediyeta akulowa mu oyilo, ndiye ndi bwino kuona ngati madziwo akuchepa.

N'chifukwa chake mabuku a magalimoto amapereka miyeso iwiri, makilomita ndi miyezi, n'kunena kuti mutsatire umene wayamba kukwana. Kale tinkazolowera makilomita 5,000. Injini zamakono zokhala ndi oyilo wa synthetic zimafika 10,000 kapena 15,000, koma pafupifupi zonse zimaikanso malire a chaka chimodzi, ndipo malirewo amafupika ngati galimoto imayenda maulendo aafupi kapena m'fumbi. Kwa inu amene mumayenda pang'ono, kalendala ndi imene ikulamulireni.

Za mtundu wa oyilo sindichedwapo. Manambala ngati 5W-30 kapena 15W-40 amanena kulimba kwake: yoyambayo, yokhala ndi W, ikunena mmene amayendera kukazizira, yachiwiriyo mmene amalimbira injini ikatentha. Zilembo za API, zolembedwa pa chigubu cha oyilo, zimanena mulingo wake. SN inabwera mu 2010, SP mu 2020, ndipo za injini za dizilo zimayamba ndi C, monga CK-4. Chizolowezi chakale choti oyilo wolimba ndiye wabwino chinachokera ku injini zokhala ndi mipata ikuluikulu. Injini yopangidwira 0W-20 ili ndi tinjira topapatiza, ndipo kuithira 20W-50 n'kuichedwetsera oyilo panthawi imene ikumufunitsitsa, m'mawa poiliza. Tsatirani buku la galimotoyo, osati la galimoto imene munali nayo muli mnyamata.

Pansi pa galimoto

Choopsa chachikulu pa ntchito yonseyi ndi kulemera kumene kuli pamwamba panu. Galimoto yaing'ono wamba imalemera makilogalamu 1,000 mpaka 1,500. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi. Ya mafuta ija imadalira timphira tating'ono m'kati mwake, ndipo kamphira kakatopa galimoto imatsika, nthawi zina pang'onopang'ono, nthawi zina kamodzi n'kamodzi. Yopukusa imene imabwera ndi galimoto anaipangira kusintha tayala m'mbali mwa msewu, ndipo imagwa mosavuta galimoto ikangogwedezeka. Njerwa ndi mabuloko a simenti sizichenjeza, zimangophwanyika. Izi n'zoona kwa aliyense, koma mnyamata akamva kuti chinachake chasuntha angathe kudzikoka msanga n'kutuluka, pamene inu ndi ine timafunika masekondi angapo amene sitingawapeze. Tsoka silinunkha.

Choncho ngati mulowa pansi, galimoto ikhale pa masitandi achitsulo oikidwa pamalo amene buku lasonyeza, kapena pa marampu, timilatho totsetsereka timene matayala akutsogolo amakwerapo. Kwa munthu wachikulire ine ndimakonda marampu, chifukwa palibe kupopa jeke, palibe kukwawa pofuna kuika sitandi, ndipo galimoto imakhala pa matayala ake. Pokwera pamafunika wina woima pambali kukuuzani poimira, pakuti kupitirira rampu ndi ngozi inanso. Pansi pakhale polimba ndi pathyathyathya. Kokani handibuleki, ikani giya, tsekerani matayala akumbuyo ndi zipika, kenako muigwedeze galimotoyo mwamphamvu ndi manja awiri musanalowetse mutu. Ikafuna kugwa, igwe inu muli chilili.

Musamagwire ntchitoyi pakhomo popanda munthu. Sikuti akhale akukuyang'anirani nthawi yonse, koma akhale pamtunda woti akumveni mukaitana, ndipo foni ikhale m'thumba la malaya, osati pa mpando wa galimoto. Ngati galimotoyo ndi ya hybrid, yoyendera mafuta ndi magetsi, izimitsidwe kotheratu ndipo kiyi akhale kutali, chifukwa injini yake imatha kudziliza yokha ikakhala pa READY ngakhale kuli zii.

Palinso zinthu ziwiri za m'thupi zimene anthu sazitchula kawirikawiri, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Choyamba ndi kutsika kwa kuthamanga kwa magazi poimirira. Munthu akagona chagada kwa mphindi 20 n'kudzuka mwadzidzidzi, magazi amatsikira kumiyendo, ndipo mitsempha imayenera kufinya msanga kuti ubongo usaperewedwe. Tikamakula kufinyako kumachedwa, makamaka ngati timamwa mankhwala a BP, okodzetsa, kapena ena a prostate. Madokotala amati vutoli lilipo ngati nambala yapamwamba yatsika ndi 20, kapena yapansi ndi 10, mkati mwa mphindi 3 chiimirireni. Chimene munthu amamva ndi mdima m'maso ndi miyendo yolobodoka, ndipo pambali pake pali beseni la oyilo wotentha ndi ngodya zachitsulo. Mankhwala ake ndi kudzuka m'magawo. Tulukani, tembenukirani chammbali, khalani tsonga mphindi imodzi, gwadani bondo limodzi mutagwira mpando wolimba umene munauikiratu pafupi, ndiye muimirire. Imwaniko madzi musanayambe, ndipo musagwire ntchitoyi dzuwa lili paliwombo.

Chachiwiri ndi chizungulire chochokera m'khutu, chimene madokotala amachitcha BPPV. M'kati mwa khutu muli timiyala ting'onoting'ono tothandiza thupi kudziwa kumene kuli kumwamba. Tina tikachoka pamalo pake, kugona chagada mutu utapendekera kumbuyo kapena chammbali kumachititsa kuti dziko lonse lizungulire kwa masekondi angapo. Kagonedwe kameneka ndi kenikeni kamene munthu amagona poyang'ana bawuti ya sampu. Vutoli limachuluka mwa achikulire, ndipo limachizika mosavuta kuchipatala potembenuza mutu mwa njira yake. Ngati mwalimvapo potembenuka pabedi, kalichizitseni musanaganize zolowa pansi pa galimoto.

Mphamvu ya m'manja ndiyo imadetsa nkhawa anthu ambiri, koma kunena zoona ndiyo yosavuta kuithetsa. Minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 30, ndipo kuchepako kumafulumira akadutsa 60. Nyamakazi ya m'zala imawonjezera pamenepo. Koma bawuti sidziwa msinkhu wa woimasula, imangomva mphamvu kuchulukitsa ndi utali wa chogwirira. Bawuti yomangidwa pa 30 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira), mukaigwira ndi sipanala pamtunda wa masentimita 15, imafuna mphamvu yonga yonyamulira makilogalamu 20. Ndi chogwirira cha masentimita 45 imafuna makilogalamu 7 okha. Gwiritsani soketi ya ngodya 6, imene imagwira mutu wa bawuti mokwanira osaudya, ndipo muzikokera kwa inu m'malo mokankha, kuti ikamasuka mwadzidzidzi zala zisakamenye chitsulo. Zimenezi n'zofunika kwambiri kwa omwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin, amene kabala kakang'ono kamawatulutsa magazi nthawi yaitali.

Chogwirira chachitalicho n'chomasulira chokha. Mukamangira nacho simumva pamene bawuti yafika, ndipo sampu zambiri masiku ano ndi za aluminiyamu, zimene mazinga ake amatha mosavuta. Magalimoto ambiri amafuna pakati pa 25 ndi 40 Nm pa bawuti imeneyi, nambala yeniyeni ili m'buku, ndipo torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, imakuuzani ndi kulira kwa "kha" kuti mulekere pomwepo. Kamphete kofewa kokhala pansi pa mutu wa bawuti kamaphwanyika dala kuti katseke mpata, choncho kamafunika katsopano nthawi iliyonse. Ambiri amene amamanga mopitirira amatero pofuna kuletsa kudontha kumene gwero lake ndi kamphete kakale.

Njira yosalowa pansi

Pali njira imene yathandiza achikulire ambiri kupitiriza ntchitoyi, ndiyo kukoka oyilo kuchokera pamwamba. Mumalowetsa kapayipi kowonda pabowo la dipisitiki mpaka kakagunde pansi pa sampu, n'kupopa ndi pampu yamanja kapena yolumikiza ku batire, oyilo n'kumakwera yekha kulowa m'chigubu chokhala ndi muyeso. Injini za maboti zakhala zikusinthidwa oyilo mwanjira imeneyi kuyambira kale, chifukwa pansi pake sipafikika. Ngati fyuluta ili pamwamba, monga zilili pa injini zambiri za Mercedes-Benz, BMW ndi Volkswagen, ndiponso za Subaru zatsopanopo, ntchito yonse mumaimaliza muli chiimire, galimoto ili pansi pa matayala ake onse anayi.

Ena amatsutsa kuti njirayi imasiya zinyalala pansi pa sampu. Oyilo akakhala wofunda ndipo amasinthidwa pa nthawi yake, zinyalalazo zimakhala zitasakanikirana naye kapena zili mu fyuluta, ndiye zimatuluka limodzi. Vuto lenileni n'loti si injini zonse zimene zimalola kapayipi kufika pansi penipeni; zina zili ndi zotchinga m'kati, ndipo zina zamakono zilibe n'komwe dipisitiki. Kudziwa kwake n'kosavuta. Yerekezani zimene zatuluka ndi zimene buku likunena. Ngati injini yolowa malita 4 a oyilo inali yodzaza ndipo mwakoka malita 3.7 fyuluta isanachotsedwe, njirayi ikugwira. Ngati mwakoka 2.5, siyoyenera galimoto yanu. Ndipo kapayipi kakakakamira musakakoke mwaukali, kazungulizeni modekha, chifukwa kakadukira m'kati sampu iyenera kumasulidwa.

Ngati fyuluta ili pansi, mungaikebe kavalavu kotsegula ndi chala m'malo mwa bawuti ya sampu, monga kamene amapanga a Fumoto a ku Japan. Kamachotsa kulimbana ndi sipanala, ngakhale oyilo amatuluka mochedwerapo, ndipo pa galimoto yotsika kwambiri muyenera kuona kuti sikakutulukira poti mwala ungakagunde.

Pamene maso ndi chikumbumtima zimatayira

Injini zambiri zimene zimanoka pambuyo pa sevisi yapakhomo zimafa ndi kuiwala, osati ndi kusadziwa. Foni yalira, mlendo wafika, ndipo munthu wathira oyilo watsopano bawuti ili m'beseni, kapena waliza injini asanathire n'komwe. Zimachitikira aliyense, koma tikamakula kudukizidwa kumatisokoneza kwambiri kuposa kale, ndipo palibe chamanyazi kuvomereza. Ine ndimaika kiyi wa galimoto pamwamba pa chigubu cha oyilo watsopano, kuti ndisathe kuliza injini ndisanachigwire chigubucho. Ndondomeko ndimailemba ndi zilembo zikuluzikulu papepala n'kumachonga: bawuti yamangidwa, fyuluta yamangidwa, oyilo wathiridwa, chotsekera chabwezedwa.

Pa fyuluta pali msampha umodzi wodziwika. Mphira wa fyuluta yakale amatha kumatirira pa injini, ndipo mukamanga yatsopano pamwamba pake mphira awiriwo amaphulika injini ikangolira, oyilo yense n'kutayika m'mphindi zochepa. Yang'anani fyuluta yakaleyo m'manja mwanu, mutsimikize kuti mphira wake watuluka nayo. Pakani oyilo pang'ono pa mphira watsopano, zungulizani mpaka akhudze, kenako onjezerani pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, kapena monga alembera pa fyulutayo. Ngati zala sizingathenso, kachipewa kachitsulo kovala kumutu kwa fyuluta kamathandiza, bola muwerenge kuzungulirako m'malo momanga mpaka mphamvu zithe.

Kuwala nakonso musakuderere. Diso la munthu wa zaka 60 limalowetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kumene diso la wa zaka 20 limalowetsa. Tochi yovala pamphumi imasiya manja onse awiri ali omasuka, ndipo magalasi otchinga maso okhala ndi mphamvu yowerengera amathandiza kuposa mandala a magawo awiri, amene gawo loonera pafupi limakhala m'munsi pamene inu mukuyang'ana m'mwamba. Oyilo watsopano ndi woyera moti saoneka bwino pa dipisitiki. Igonekeni pa pepala loyera, banga lake likusonyezani pamene wafika. Pakati pa chizindikiro chapansi ndi chapamwamba, m'magalimoto ambiri, pamakhala pafupifupi lita imodzi. Thirani mocheperako, lizani injini kwa mphindi imodzi muone kuti nyali ya oyilo yazima m'masekondi ochepa, zimitsani, dikirani mphindi 5, ndiye muwonjezere. Kupitiriza muyeso kumachititsa kuti oyilo apunthidwe n'kuchita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza zitsulo. Polizapo chitseko cha galaja chikhale chotsegula, pakuti mpweya wa carbon monoxide sununkha. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asaweramire injini ikulira, ndipo afunse dokotala wawo za mtunda woyenera.

Oyilo atuluke ali wofunda, osati wowira. Kuliza injini yozizira kwa mphindi 5 n'kokwanira, ndipo ngati mwachokera paulendo dikirani theka la ola. Khungu la munthu wachikulire ndi lopyapyala, limapsa msanga n'kuchedwa kupola, ndipo odwala shuga amene zala zawo zinachita dzanzi angapse osamva. Oyilo wakale alinso ndi zotsalira za kupsa kwa mafuta zimene zinayambitsa khansa yapakhungu pa mbewa zoyeserera zitapakidwa kwa nthawi yaitali, choncho valani magolovesi a nitrile ndipo musambe ndi sopo, osati ndi petulo. Mukatha, muthireni m'chigubu chotsekeka bwino n'kukapereka kumalo olandira oyilo wakale. Bungwe loteteza chilengedwe la EPA la ku United States limati oyilo wa kusintha kumodzi angaipitse madzi okwana magaloni 1 miliyoni, amene ndi malita oposa 3.7 miliyoni. Chigubu cha malita 5 n'chosavuta kunyamula kusiyana ndi kudikira kuti cha malita 20 chidzaze.

Ntchito zina za pa galimoto zimagawika zokha mukazifunsa mafunso omwewa, kuti kodi zikufuna kukweza galimoto, kunyamula cholemera, kapena kugona pansi. Fyuluta ya mpweya, mawaipa, mababu, mpweya wa m'matayala ndi kuyang'ana madzi n'zoti mungachite mpaka kalekale, bola rediyeta isatsegulidwe ili yotentha. Batire limalemera makilogalamu 12 mpaka 20 ndipo limanyamulidwa munthu ataweramira kutsogolo, kumene ndi kunyamula koipitsitsa kwa msana; masulani nokha mawaya, kuyambira wa negetivi, koma kulitulutsako apange wina. Matayala a galimoto yoyenda pang'ono amakalamba asanathe mapazi, ndiye werengani manambala anayi omaliza pa chizindikiro cha DOT cha m'mbali mwa tayala: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi ngakhale galimoto itangoima, n'chifukwa chake opanga ambiri amati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Masipuling'i, lamba wa timing ndi mawaya a mtundu wa lalanje a magalimoto a hybrid, zimenezo n'za amakaniko.

Nanga nthawi yosiya kulowa pansi mungaidziwe bwanji? Yesani m'nyumba, pa mkeka kapena kapeti, wina ali pafupi. Gonani chagada, kwezani manja m'mwamba kwa mphindi ziwiri ngati mukumasula bawuti, kenako mudzuke mongogwira mpando. Ngati mwachita chizungulire, mwabanika, mwamva kupweteka pachifuwa kapena mwafunika kukokedwa, gawo la pansi lija lapita kwa wina, ndipo zizindikirozo akazimve adokotala. Chimodzimodzi ngati munagwapo m'miyezi yapitayi, kapena mwachitidwa opaleshoni ya chiuno kapena bondo ndipo sanakuloleni kugwada.

Wolowa pansiyo angakhale mdzukulu amene inu mukumuuza zochita muli pampando, torque wrench mwamuikira nokha pa nambala yake. Angakhalenso makaniko, ndipo mukatero mugule nokha oyilo ndi fyuluta zoyenera, mupemphe kuona fyuluta yakale, ndipo musanachoke mutsegule boneti muyeze dipisitiki ndi kugwira chotsekera. Kaya wasintha ndani, lembani tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo m'kabuku kokhala m'galimoto. Usiku umenewo yalani katoni yoyera pansi pa injini, ndipo m'mawa muikoke ndi ndodo muone ngati padontha kanthu musanalize.